Frank Dixey, Munthu Woŵerenga Miyala

M'boma la Thyolo muli minda yaikulu ya tiyi. Tiyi amakula bwino m'dothi lofiira la kumeneko, koma pansi pa dothilo pali thanthwe lolimba. Thanthwe limeneli lili ndi ming'alu yambirimbiri, ina yaikulu, ina yopyapyala ngati tsitsi. Mvula ikagwa, madzi ena amaloŵa pansi nakabisala m'ming'alumo. Madzi omwewo ndiwo amatumphuka pa akasupe m'chilimwe. Mmodzi wa anthu oyamba kufufuza za miyala ya dziko lathu ndi madzi obisala m'menemo anali Frank Dixey.

Dixey anabadwira ku Bristol, m'dziko la Mangalande, m'chaka cha 1892. Maphunziro a za miyala anachitira ku Cardiff. Atamenya nao nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anakagwira ntchito ku Sierra Leone. M'chaka cha 1921 boma la atsamunda linamtumiza kuno. Nthaŵi imeneyo dziko lino linkatchedwa Nyasaland, ndipo likulu lake linali ku Zomba.

Masiku amenewo miseu inali yoŵerengeka. Maulendo ambiri ankayenda pansi pamodzi ndi amtengatenga ndiponso anthu a m'midzi odziŵa njira. Iye ankakwera mapiri, natsika m'zigwa, atagwira kanyundo m'manja. Akapeza mwala wachilendo ankauswa, nauyang'anitsitsa, nalemba pa mapu malo amene waupeza. M'chaka cha 1924 anapeza dothi lotchedwa bauxite pamwamba pa phiri la Mulanje, ku Lichenya. Dothi limeneli ndilo amapangira aluminiyamu, chitsulo chopepuka cha mapoto.

Dixey ankadziŵa kuti miyala ili ngati buku. Miyala ina imayalana pang'onopang'ono m'nyanja ndi m'madambo, monga mphasa zosanjikizana. Mphasa ya pansi ndiyo yakale, ya pamwamba ndiyo yatsopano. Koma nthaŵi zina miyala yakale imapendekeka, ndipo mvula ndi mitsinje zimaiperesa kwa zaka zosaŵerengeka. Pambuyo pake miyala yatsopano imadzayalana pamwamba pake. Pamene miyala iŵiriyi yakomana pamaoneka mzere wonga msoko wa nsalu. Msoko wotere umasonyeza kuti pakati pa miyala ya pansi ndi ya pamwamba panapita nyengo yaitali zedi, ngati masamba othothoka m'buku.

Misoko yotereyi Dixey anaiona ku Karonga. Kumeneko, m'chaka cha 1924, kunapezeka mafupa akuluakulu osanduka miyala. Iye anafufuza miyala imene munali mafupawo, ndipo anaona kuti inagona pamwamba pa miyala ina yakale koposa. Mafupawo anali a chinyama chachitali khosi ndi mchira, chodya masamba, cha mtundu wa dinosaur. Chinyamacho chinali ndi moyo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mu 1993 akatswiri anachitcha Malawisaurus dixeyi. Dzina loyambalo ndi la dziko lathu, lachiŵirilo ndi la Dixey.

Komabe ntchito yake yothandiza anthu ambiri inali ya madzi. M'midzi yambiri mitsinje inkauma m'chilimwe, ndipo amai ankalaŵirira m'bandakucha kukatunga madzi kutali. Ena ankamwa madzi a m'zithaphwi nadwala m'mimba. Kukumba chitsime si ntchito yamaseŵera. Anthu angathe kukhetsa thukuta mwezi wathunthu, koma nagunda thanthwe louma. Dixey anaphunzitsa kuti thanthwe lolimba silisunga madzi, koma ming'alu yake ndi miyala yofumbutuka pamwamba pake ndizo zimasunga. Wokumba pamene ming'alu yachuluka ndiye amapeza madzi. Mu 1931 analemba buku lofotokoza za kapezedwe ka madzi, ndipo m'zaka zotsatira ofesi yake inatsogolera ntchito yokumba zitsime m'midzi.

Nzeru zimenezi zimathandizanso amisiri omanga madamu, milatho ndi miseu. Damu lomangidwa pa thanthwe long'aluka limataya madzi ngati mtsuko wobooka. Mseu wodulidwa m'mbali mwa phiri ungagumukiridwe, chifukwa madzi akaloŵa m'ming'alu ndi m'misoko, miyala imatsetsereka. N'chifukwa chake mmisiri wanzeru amayamba wafunsa katswiri wa miyala asanakumbe maziko.

Ming'alu ina ndi yaikulu kotero kuti imagaŵa dziko. Munthu akaima kumadzulo kwa Thyolo amaona chigwa cha Shire chili pansi kutali. Kalekale nthaka inang'ambika pamenepo, mbali imodzi inatitimira, ina inatsala pamwamba. Nyanja ya Malaŵi nayo ili m'chigwa chotere. Dixey anafufuza za zigwa zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo mu 1956 anatulutsa buku lonena za izo.

Dixey anachoka kuno mu 1939, atagwira ntchito zaka 18. Anakayang'anira za madzi ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, kenaka anapita ku Nigeria. Mu 1947 anakhala mkulu wa ntchito zofufuza miyala m'maiko olamulidwa ndi Angerezi. Mu 1972 analandira ulemu wotchedwa Sir, ndipo anamwalira mu 1982 ali ndi zaka 90.

Ntchito imene iye anayamba inapitirira, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1964 ana a Malaŵi anayamba kuitenga m'manja mwao. Ena a iwo anayamba monga inu, kutola timiyala panjira ndi kufunsa kumene tinachokera.

Mafunso

1. Kodi madzi a pa akasupe amachokera kuti m'chilimwe?
2. Dixey anafika m'dziko muno m'chaka chiti?
3. Nanga anapeza chiyani pa phiri la Mulanje?
4. Fotokozani m'mene msoko wa miyala umapangidwira.
5. N'chifukwa chiyani mmisiri ayenera kuyang'ana thanthwe asanamange damu?

Zoti muchite

Pitani ndi aphunzitsi anu pa thanthwe kapena pa gomo la mseu pafupi ndi sukulu. Ŵerengani ming'alu imene mwaona, ndipo muijambule m'makope mwanu.