Mbiri ya Chaim Weizmann: pamene chimanga chinapita kunkhondo

Mayi aliyense wotcheza kachasu ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Macanga amadziwa kuti madeya ndi shuga zikakhala mumtsuko masiku angapo zimawira. Akaziika pamoto, nthunzi ija imazizira mumpope nkumadontha ngati mowa waukali. Nzeru yomweyi, koma m'mathanki akuluakulu achitsulo, ndi imene inatchukitsa Chaim Weizmann, katswiri wa mankhwala amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa dziko la Israel.

Weizmann anabadwa pa 27 Novembro 1874 m'mudzi wa Motol, kufupi ndi tauni ya Pinsk. Nthawi imeneyo dera lija linali m'manja mwa mfumu ya Russia, koma lero lili m'dziko la Belarus. Iye anali Myuda, wachitatu kubadwa m'banja la ana 15, ndipo bambo ake ankachita malonda a mitengo. Ali ndi zaka 11 anachoka pakhomo kukaphunzira ku Pinsk. Popeza boma la Russia linkapatsa Ayuda malo ochepa m'masukulu apamwamba, mnyamatayu anapita ku Germany, kenaka ku Switzerland, kumene anamaliza maphunziro ake mu 1899. Mu 1904 anasamukira ku Britain nayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Manchester.

Masiku amenewo mphira wa matayala unali wodula, ndipo akatswiri ambiri ankafunafuna njira youpangira m'fabrika. Kuti zimenezi zitheke pankafunika mtundu wina wa mowa wosamwedwa wotchedwa butanol. Weizmann anayamba kusakasaka kachilombo kosaoneka ndi maso kamene kangawiritse phala nkutulutsa mowa umenewu. Pakati pa 1912 ndi 1914 anakapeza, ndipo lero dzina lake ndi Clostridium acetobutylicum.

Kachilomboka nkosiyana ndi kamene kamawiritsa masese. Wofulula mowa amayamba wathira chimera kuti phala litsekemere, koma aka sikalira chimera, kamadya phala la chimanga mmene liriri. Chimene sikafuna ndi mpweya, choncho thanki iyenera kukhala yotseka. Phala likawira masiku awiri kapena atatu nkulitcheza, pamatuluka zinthu zitatu. Pa magawo 10 alionse, 6 ndi butanol, 3 ndi mankhwala otchedwa acetone, ndipo gawo limodzi lokha ndilo mowa wofanana ndi wa m'kachasu. Ziwiri zoyambazo si zakumwa ai, nzoononga thupi.

Mphira uja sunapite patali. Chimene chinasintha zinthu ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse imene inabuka mu 1914. Mizinga ya Angelezi inkagwiritsa ntchito wonga wotchedwa cordite, ndipo poukanda wongawo pankafunika acetone. Kufikira nthawi imeneyo acetone ankampeza pootcha mitengo m'ng'anjo zotseka, monga achitira ootcha makala, nkumatchera nthunzi yake. Pankapita pafupifupi matani 100 a mitengo kuti papezeke tani imodzi yokha. Njira ya Weizmann inkapereka matani ngati 12 kuchokera m'matani 100 a chimanga.

Mu 1915 Winston Churchill, amene anali nduna yoyang'anira sitima zankhondo, anapempha Weizmann kuti akulitse ntchito yake. Kuchoka m'mabotolo a pasukulu kufika m'mathanki sinali ntchito yamasewera. Anayamba kuyesera m'fabrika yotcheza mowa wa gin mu London. Vuto lalikulu linali ukhondo. Tizilombo tina tikangolowa, thanki yonse inkasasa nkutayidwa, monga umaonongekera mowa wofululira mumbiya yosatsuka. Choncho phala ankaliphika kwambiri ndipo mathanki ankawatsuka ndi nthunzi yotentha. Zitayenda bwino, boma linamanga mathanki aakulu ku Holton Heath ndipo linatenganso fabrika ina ku King's Lynn.

Koma chimanga ndi chakudya. Britain sinkalima chokwanira, inkaitanitsa kunja. Mu 1917 sitima za Ajeremani zoyenda pansi pa madzi zinamiza sitima zambiri zonyamula zakudya, ndipo njala inayandikira. Apa boma linaona kuti thumba limodzi silingadyetse anthu ndi mizinga yomwe. Linapempha ana asukulu kuti azitola mtedza wa m'mitengo wotchedwa horse chestnut, umene anthu sadya. Ana anatola ndi mtima wonse osauzidwa ntchito yake. Wambiri unaolera m'masiteshoni a njanji podikira sitima, ndipo matani ngati 3,000 amene anafika ku King's Lynn sanapereke acetone wokwanira. Mu 1918 fabrikayo inatsekedwa. Ntchito yaikulu inachitikira kumene chimanga chinali chosefukira, ku Toronto m'dziko la Canada ndi ku Terre Haute m'dziko la United States.

Ntchito ya nkhondoyi inamtsegulira Weizmann makomo a akuluakulu a boma. Kuyambira ali mnyamata iye anali m'gulu lofuna kuti Ayuda akhale ndi dziko laolao ku Palestine. Pa 2 Novembro 1917 nduna yoona za maiko akunja, Arthur Balfour, inalemba kalata yolonjeza kuti Britain idzathandiza cholinga chimenechi. David Lloyd George, mtsogoleri wa boma panthawiyo, anadzalemba kuti lonjezolo linali ngati mphotho ya acetone, koma Weizmann mwini wake anakana zimenezi, ndipo olemba mbiri amati Britain inali ndi zolinga zakezake m'dera lija. Dziko la Israel linakhazikitsidwa mu 1948 pakati pa nkhondo imene inachotsa Apalestina pafupifupi 700,000 m'midzi yao, ndipo mkangano wake sunathe mpaka lero. Weizmann anakhala pulezidenti mu Fevereiro 1949, atakalamba ndiponso maso akumvuta. Anamwalira pa 9 Novembro 1952 ku Rehovot, kumene kuli sukulu ya kafukufuku yotchedwa ndi dzina lake.

Nanga butanol uja? Pankhondo analibe ntchito, ankangomsunga m'mathanki. Koma m'zaka za m'ma 1920 opanga magalimoto ku America anapeza kuti amathandiza kupanga utoto wouma msanga, ndipo chimene chinali ngati zinyalala chinasanduka chuma. Mafabrika ambiri anasiya chimanga nayamba kuwiritsa manyuchi otsala popanga shuga. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 mankhwala ochokera ku mafuta apansi anatsika mtengo, ndipo mafabrikawa anatsekedwa mmodzimmodzi. Ya ku Germiston, kufupi ndi Johannesburg, inapirira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Nzeru yowiritsa zomera kuti zipereke mafuta sinafe. Ku Dwangwa m'dziko la Malawi anayamba mu 1982 kutcheza mowa wa manyuchi a nzimbe wosakaniza ndi gazolina. Akatswiri anapezanso tizilombo tina ta mtundu wa Clostridium timene sitidya phala konse, koma mpweya wotuluka m'ng'anjo zachitsulo kapena wopangidwa pootcha mapesi ndi zinyalala pamoto wosowa mphepo. Mu 2018 ku China kunatsegulidwa fabrika yopanga mowa wa magalimoto mwa njira imeneyi. Akatswiriwa akulimbana ndi vuto lomwe lija limene linatuma ana asukulu kukatola mtedza mu 1917: kupeza chodyetsa thanki popanda kukhudza nkhokwe.