Irna Phillips: Mayi Amene Adaliritsa Anthu ndi Masewero

M'chigawo chathu cha lero cha mbiri ya anthu otchuka tikamba za mayi wina wa ku America amene ambiri a ife sitidamvepo dzina lake, chonsecho ntchito yake idalowa m'nyumba zosawerengeka pa dziko lapansi. Aliyense amene adadikirapo gawo lotsatira la sewero la pa wailesi kapena pa wailesi ya kanema, nakwiya ndi munthu woipa wa m'sewerolo, kapena kugwetsa misozi pa imfa ya munthu wabwino, adalawako zipatso za mtengo umene adabzala Mayi Irna Phillips. Moyo wa mayiwa ukutisonyeza m'mene oonera angamkwezere wolemba masewero, ndi m'menenso angamtsitsire.

Mayi Phillips adabadwira mu mzinda wa Chicago pa 1 Julayi 1901, ndipo adali mzime m'banja la Chiyuda la ana 10. Bambo awo adamwalira iwo ali ndi zaka 8, kotero mayi awo adalera okha anawo movutikira. Pa ubwana wawo adali mwana wosungulumwa, wovala zosiyiridwa ndi akulu ake, ndipo ankadzisangalatsa popekera zidole zawo nkhani zazitali. Atatsiriza maphunziro pa yunivesite ya Illinois mu 1923, adafuna kukhala wochita zisudzo, koma adauzidwa kuti maonekedwe awo sakadawafikitsa patali pa ntchitoyo. Choncho adayamba uphunzitsi, poyamba ku Missouri, kenaka ku Dayton m'chigawo cha Ohio.

M'chaka cha 1930 adasiya choko nalowa ntchito pa nyumba ya wailesi ya WGN ku Chicago. Akuluakulu a pamenepo ankafuna pologalamu yoti amayi azimvera masana akugwira ntchito zapakhomo, ndipo Mayi Phillips adalemba Painted Dreams, sewero la mphindi 15 lonena za mayi wamasiye ndi ana a pakhomo pake. Nkhani yake sinkatha tsiku limodzi, inkangopitirira mawa ndi mkuja. Ambiri amati limeneli ndilo lidali sewero loyamba la mtundu umenewu. Litatchuka, padabuka mkangano wakuti mwini wake ndani, ndipo bwalo la milandu lidakomera nyumba ya wailesiyo. Mayi Phillips adachokapo mu 1932 nakayamba sewero lina lofanana nalo, Today's Children, pa wailesi ya WMAQ. Mayi wamkulu wa m'sewerolo adamujambula potengera mayi awo owabala, ndipo mayiwo atamwalira mu 1937 adalithetsa ngakhale kuti omvera adali kulikondabe.

Amene ankalipira masewerowa adali makampani opanga sopo monga Procter & Gamble, pofuna kutsatsa malonda awo kwa amayi, ndipo n'chifukwa chake Angerezi amawatchula kuti soap opera. Mayi Phillips ndiwo adakhazikitsa njira zambiri zokokera omvera. Ankadula gawo lililonse pamene nkhani yafika pokoma, kuti womvera agone ndi funso mumtima. Ankayendetsa nkhani pang'onopang'ono kuti mayi amene watulukako kukayanika zovala asasokere pobwerera. Kalembedwe kawo nako kadali kachilendo, pakuti ankayankhula mawu a munthu aliyense wa m'sewero mosinthasintha liwu, mlembi wawo akulemba. M'zaka za m'ma 1940 ankatulutsa mawu pafupifupi 2 miliyoni pa chaka, ndipo ankalandira madola pafupifupi 250,000 pa chaka.

Sewero lawo lokhalitsa koposa lidali The Guiding Light, limene lidayamba pa wailesi mu Januwale 1937. Lidachokera m'chisoni chawo chenicheni. Asadatchuke adatenga pathupi, mwamuna nawakana, ndipo mwanayo adabadwa wakufa. Chimene chidawatonthoza adali maulaliki a pa wailesi a mbusa wina wa ku Chicago, Preston Bradley. Motero adapeka mbusa wa m'sewero amene ankasiya nyali ikuyaka pa zenera usiku, kuti wovutika aliyense adziwe kuti pali khomo loti agogodepo.

M'sewero lomweli ndimo mudachitika chinthu chimene chidasonyeza mphamvu ya omvera. Mu 1950 mayi wina wa m'sewerolo, Meta, adawombera mwamuna wake wakale ndi mfuti mwana wawo atamwalira pa ngozi imene mwamunayo adali nayo mbali. Mlandu utalowa m'bwalo, Mayi Phillips adapempha omvera kuti aweruze okha. Anthu pafupifupi 75,000 adatumiza makalata, ndipo ochuluka zedi adati Meta amasulidwe. Adamasulidwadi. Amene adatsatira Big Brother Africa, imene idayamba mu 2003, nadabwa kuona oonera akuvota pa lamya kuti wina atuluke, adziwe kuti mayiwa adali atayesa kale njira yotere ndi envulopu ndi sitampa.

Otsutsa sadasowe. Mu 1942 dokotala wina wa matenda a maganizo wa ku New York, Louis Berg, adadandaula kuti masewerowa amathamangitsa magazi ndi kudzetsa nkhawa mwa amayi. Koma mayi wina wofufuza, Herta Herzog, atacheza ndi omvera eni ake, adapeza kuti ambiri ankapezamo poliririra mavuto awo ndiponso malangizo a m'mene angakhalire ndi amuna awo ndi ana awo.

Wailesi ya kanema itafala, Mayi Phillips adayesako mu 1949 ndi sewero la These Are My Children, koma lidafa patangopita masabata ochepa. Sadagwe mphwayi. Mu 1952 adasamutsira The Guiding Light pa kanema, ndipo pa 2 Epulo 1956 adayambitsa As the World Turns, la mphindi 30 m'malo mwa 15. Ambiri adakayika ngati anthu angakhale pansi nthawi yonseyo kuonera banja likungokambirana pa khofi, koma mayiwa ankadziwa kuti kamera ikayandikira nkhope, woonera amawerenga yekha za mumtima. Kuyambira 1958 mpaka 1978 seweroli lidali patsogolo pa masewero onse a masana ku America.

Tsono nkhope ikamaoneka tsiku ndi tsiku m'nyumba, imasanduka ya mbale. Mu 1958 Mayi Phillips adapha Kathy, mtsikana wokondedwa wa mu The Guiding Light, amene njinga yake ya olumala idakankhidwira mu msewu galimoto likubwera. Makalata aukali adasefukira ku kampani ya CBS. Yankho la mayiwa kwa onse lidali lakuti sewero loonetsa ukwati ndi kubadwa kwa ana kokha, osaonetsa matenda ndi imfa, likunamiza anthu. Mu 1962 wochita sewero Mark Rydell atafuna kusiya As the World Turns, Jeff Baker, munthu amene iye ankamusewera, adafa pa ngozi ya galimoto, ndipo oonera adalira ndi kudandaula ngati maliro enieni. Eileen Fulton, amene ankasewera Lisa, mkazi wachinyengo, adamenyedwa ndi mayi wina mu msewu ku New York, mpaka adafunika womulondera. Ngakhale mlembi mwini wake sankalekanitsa kwenikweni sewero ndi moyo, pakuti ochita masewero ake ankawaitana ndi mayina a m'sewero.

Paja amati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Adasiya sewero lawo latsopano la mu 1967, Love Is a Many Splendored Thing, atasemphana ndi CBS pa nkhani ya chikondi cha mzungu ndi mtsikana wa magazi a ku Asia. Atabwerera ku As the World Turns mu 1972, adapeka mayi wodziimira payekha, Kim, amene adatenga pathupi pa Dokotala Bob Hughes, mwamuna wa m'bale wake. Ena olemba mbiri yawo amati mwa Kim mayiwa ankalemba za iwo eni. Koma Bob adali munthu amene oonera adamuona akukula kuyambira pa unyamata, ndipo sadalole kuti adetsedwe chotero. Madandaulo adachuluka, chiwerengero cha oonera chidatsika, ndipo mu 1973 a Procter & Gamble adawachotsa ntchito pa sewero limene adalibala okha. Pa 23 Disembala chaka chomwecho Mayi Phillips adamwalira ku Chicago ali ndi zaka 72. Sadakwatiwepo, koma adalera ana awiri amene adawatenga kukhala awo.

Ntchito yawo idapitirira kudzera mwa ophunzira awo, Agnes Nixon ndi William J. Bell. Bell ndiye adayambitsa The Bold and the Beautiful mu 1987, ndipo seweroli pamodzi ndi Days of Our Lives, limene Mayi Phillips adathandiza kuyambitsa mu 1965, lidaonetsedwa zaka zambiri pa SABC ku South Africa. Guiding Light idatha mu 2009 itakhala zaka 72, ndipo As the World Turns idatsatira mu 2010.

Kwathu kuno wokamba nthano sapitiriza ngati omvera sakuvomera kuti tili tonse. Mayi Phillips ankawerenga kuvomera kumeneko m'makalata. Pa imfa ya Kathy adakana kugonjera oonera, ndipo oonerawo adalira koma adakhalabe, chifukwa imfa ankaidziwa m'nyumba zawo zomwe. Pa nkhani ya Bob adasintha khalidwe la munthu amene oonera ankamudziwa bwino, ndipo apo sadawakhululukire. Mphunzitsi wokonza sewero la pa sukulu ndi wachinyamata wofuna kulembera wailesi angatolepo nzeru pamenepa: oonera amapirira tsoka lililonse logwera munthu wa m'sewero, koma salola kuti munthuyo achite chinthu chosemphana ndi mtima umene wolemba adampatsa poyamba.