Mbiri ya Ada Lovelace, mayi amene analemba pulogalamu popanda kompyuta

Anzanga, mwezi watha aphunzitsi athu a masamu anafunsa m'kalasi ntchito imene aliyense akufuna kudzagwira. Ine ndinati ndikufuna kudzalemba mapulogalamu a kompyuta. Kumbuyo kuja anthu anaseka mpaka wina anagwetsa kope. Sindinawakwiyire, chifukwa tonse tikudziwa kuti pasukulu pano palibe kompyuta yoti wophunzira n'kuigwira, ndipo kumudzi kwathu magetsi sanafike. Koma aphunzitsi sanaseke nawo. Anangolemba dzina pabolodi, Ada Lovelace, n'kundiuza kuti ndikafufuze ndekha. Ndinabwereka foni ya achimwene anga masiku angapo madzulo, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

Ada anabadwa pa 10 Disembala 1815 mu mzinda wa London ku England. Bambo ake anali Lord Byron, mlakatuli wotchuka kwambiri nthawi imeneyo, koma munthu wosakhazikika pabanja. Mayi ake, Anne Isabella Milbanke, ankakonda masamu. Ada ali ndi milungu isanu yokha, banja la makolo ake linatha. Bambo aja anachoka m'dzikomo mu 1816 osabwereranso, ndipo anamwalira ku Greece mu 1824, mwana wawo ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndiye kuti Ada anakula osawadziwa bambo ake, ngati mmene ena a ife takulira.

Mayi ake ankaopa kuti mwanayo angatengere khalidwe la bambo ake, choncho anamulimbikitsa kwambiri kuphunzira masamu ndi sayansi. Apa ndisaname, banjali linali lolemera. Ada ankaphunzitsidwa kunyumba ndi aphunzitsi olipidwa, sankayenda mtunda wautali m'mawa ngati ife. Komabe masiku amenewo mtsikana sankaloledwa kulowa yunivesite ku England, kaya akhale wanzeru chotani.

Ali ndi zaka 12 anaganiza zopanga chinthu choti azitha kuuluka nacho. Sanangothamangira kudumpha pamtengo ayi. Anayamba kaye kuyang'anitsitsa mbalame, kuyerekeza kukula kwa mapiko ndi thupi, ndi kuganizira zinthu zopangira mapikowo monga mapepala, nsalu ndi nthenga. Sanauluke, koma khalidwe loyamba ndi kufufuza analiphunzira pamenepa. Mu 1829 anadwala chikuku ndipo miyendo inafooka. Anakhala chigonere pafupifupi chaka chathunthu, kenako anayamba kuyendera ndodo. Nthawi yonseyo maphunziro sanasiye.

Zinthu zinasintha mu 1833, ali ndi zaka 17, pamene anakumana ndi katswiri wa masamu dzina lake Charles Babbage. Babbage anali atapanga kachigawo ka makina owerengetsera manambala otchedwa Difference Engine, a mawilo a mano ambirimbiri ochita kupukusa ndi dzanja. Ada atawaona anachita nawo chidwi kwambiri ndipo anafuna kumvetsa mmene amagwirira ntchito. Kuchokera apo awiriwa anayamba kulemberana makalata okamba za masamu. Mayi winanso wodziwa sayansi, Mary Somerville, ankamuthandiza ndi kumulimbikitsa.

Mu 1835 Ada anakwatiwa ndi William King, amene mu 1838 anapatsidwa udindo wa Earl of Lovelace, n'chifukwa chake timamudziwa ndi dzina la Lovelace. Anabereka ana atatu, mu 1836, 1837 ndi 1839. Wina akanati basi, zamasamu zathera pomwepa. Iye ayi. Cha m'ma 1840 anayambiranso kuphunzira kudzera m'makalata ndi mphunzitsi wa masamu Augustus De Morgan. Ankatumiza mafunso, kudikira yankho, kukonza zolakwa, n'kutumizanso.

Pa nthawiyi n'kuti Babbage akujambula makina ena aakulu kwambiri otchedwa Analytical Engine. Makinawa anali ndi gawo losungira manambala ndi gawo lowerengetsera. Magawowa anawatcha store ndi mill, ngati titi nkhokwe ndi chigayo m'Chichewa. Manambala atuluke m'nkhokwe, akagayidwe, yankho libwerere m'nkhokwe. Malangizo ouza makinawo chochita anayenera kulowa pa makadi obowola, nzeru imene Babbage anatenga ku makina oluka nsalu a Jacquard, omwe ankatsatira mabowo a pamakadi poluka maluwa pansalu. Kusintha makadi kunali kusintha ntchito ya makinawo. Kompyuta za lero zimayenderanso ganizo lomweli: makina ndi amodzi, koma pulogalamu ndi imene imasintha.

Mu 1840 Babbage anakafotokoza za makinawa ku Turin ku Italy, ndipo Luigi Menabrea, amene anamvetsera nawo, analemba nkhani yake m'Chifalansa mu 1842. Ada anamasulira nkhaniyo m'Chingerezi n'kuwonjezera mfundo zakezake, zimene anaziika m'zigawo kuyambira A mpaka G. Zowonjezerazo zinatalika pafupifupi katatu kuposa nkhani imene ankamasulira ija. Zinasindikizidwa mu 1843, ndipo m'malo mwa dzina lake lonse anangoika zilembo zoyambirira zokha.

M'chigawo chomaliza, G, muli tebulo losonyeza masitepe 25 amene makinawo akanatsata kuti apeze manambala ena ovuta otchedwa manambala a Bernoulli. Sitepe iliyonse ikunena nambala yoti itengedwe, choti ichitidwe nayo, kaya kuphatikiza, kuchotsa, kuchulukitsa kapena kugawa, ndi malo oti yankho likasungidwe. Mulinso masitepe ena oti makinawo aziwabwereza mpaka ntchito ithe. Ambiri amati iyi ndi pulogalamu yoyamba ya kompyuta kusindikizidwa. Ena amatsutsa, amati Babbage anali atalembapo kale timapulogalamu take timene sanatisindikize, komanso anamuthandiza Ada pa masamu ake. Zimenezo n'zoona. Koma Babbage yemweyo analemba yekha m'buku la moyo wake kuti Ada anamupezera cholakwa chachikulu pa mawerengedwe amene anamutumizira, n'kumubwezera kuti akonze.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti Analytical Engine sinamangidwe n'komwe. Ada analemba zonsezi ndi cholembera ndi pepala, makinawo akungowaona m'mutu. Analibe poyesera. Anthu a masiku ano atayesa tebulo lija anapeza kuti pa sitepe yachinayi manambala awiri ogawana anasinthana malo, mwina polemba kapena posindikiza. Ndiye kuti ngakhale pulogalamu yotchuka chonchi ili ndi kolakwika kake.

Ada anaonanso patali kuposa anzake. Anafotokoza kuti makina otere sangathere pa manambala okha. Ngati zinthu zina, monga mamvekedwe a nyimbo, zingalembedwe motsata malamulo, makinawo angagwirenso ntchito pa izo. Lero tikamvera nyimbo pafoni, ndi zomwezo. Anachenjezanso kuti makinawo sangayambitse okha kanthu, amangochita zimene munthu wadziwa kuwalamula.

Moyo wake sunathe bwino. Analowerera kubetcha pa mipikisano ya akavalo, poganiza kuti masamu amuthandiza kupambana, koma anataya ndalama zambiri n'kulowa m'ngongole. Anzanga amene mwayamba kubetcha mpira pafoni, imvani pamenepo: ngati masamu a Ada analephera, nanga athuwa? Kenako anadwala khansa ya m'chiberekero ndipo anamwalira pa 27 Novembala 1852 ali ndi zaka 36, msinkhu womwe bambo ake anamwalira nawo. Anaikidwa pafupi ndi bambo akewo m'tchalitchi cha ku Hucknall, monga anapemphera yekha.

Zolemba zake zinakhala zoiwalika zaka pafupifupi 100. Mu 1950 Alan Turing anatchula maganizo ake pokamba ngati makina angathe kuganiza, ndipo mu 1953 zolembazo zinasindikizidwanso, kompyuta zenizeni zitayamba kupangidwa. Mu 1980 unduna wa zachitetezo wa ku America unavomereza chiyankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa Ada pomulemekeza. Masiku ano Lachiwiri lachiwiri la mwezi wa Okutobala anthu amakumbukira tsiku la Ada Lovelace, pofuna kulimbikitsa atsikana ndi amayi pa sayansi.

Nditawerenga zonsezi ndinati nanenso ndiyese. Ndinatenga kope lakale n'kulemba pulogalamu yophatikiza manambala kuyambira 1 mpaka 10. Ndinajambula mabokosi awiri, A ndi B. Sitepe yoyamba, ika 0 mu A. Yachiwiri, ika 1 mu B. Yachitatu, phatikiza nambala ya mu B ku ya mu A. Yachinayi, onjezera 1 ku B. Yachisanu, ngati B ndi yochepera 10, bwerera ku sitepe yachitatu. Yachisanu ndi chimodzi, nena nambala ya mu A. Kenako ndinapempha mnzanga amene timayendera limodzi kuti akhale makina. Lamulo linali loti asaganize, azingochita zimene zalembedwa, akulemba ndi kufufuta manambala pansi ndi kamtengo.

Abale, yankho linatuluka 45, pomwe tonse tikudziwa kuti ndi 55. Ndinayamba kumunena mnzangayo kuti walakwitsa, koma titabwereza pang'onopang'ono tinapeza kuti wolakwa ndine. B itafika pa 10, sinalinso yochepera 10, ndiye makina anga anaima asanaphatikize 10 yomalizayo. Ndinasintha sitepe yachisanu kuti inene kuti ngati B sinapitirire 10, bwerera. Titayesanso, 55 inatuluka. Tsiku limenelo ndinafika kunyumba mochedwa ndipo amayi anandikalipira chifukwa cha madzi osatunga, koma mumtima ndinali wosangalala kwabasi.

Sindikunena kuti kope lingalowe m'malo mwa kompyuta. Kompyuta tikuzifuna ndithu, ndipo ndikanakonda akuluakulu akanatiganizira. Koma pali zina zoti tingayambe panopa: kugawa ntchito m'masitepe, kulemba sitepe iliyonse momveka, kuyesa, ndi kusaka pamene talakwitsa popanda kukwiya. Tsiku limene tidzakhale kutsogolo kwa kompyuta, tisadzayambire pa ziro. Ndipo atsikana amene mumati masamu ndi a anyamata, kumbukirani kuti tebulo la masitepe 25 lija analemba ndi mayi wa ana atatu.

Sabata ino ndikuyesa kulemba pulogalamu yopeza nambala yaikulu pa manambala asanu, koma ikundivutabe penapake. Amene akufuna kuthandiza, kapena kukhala makina, andipeze Lachitatu nthawi yopuma kuseri kwa kalasi ya Fomu 2. Mubwere ndi kope lakale ndi pensulo. Amene munaseka aja, nanunso bwerani.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2