Malcolm X: mnyamata wa m'ndende amene anaima pakhomo pa polisi

Ambiri mwa ife timadziwa wachibale wa kabaza kapena wogulitsa malonda pa Mitundu ndi pa Nathenje amene mtima umamugunda akangoona galimoto ya polisi. Mantha amenewa si a kwathu kokha. N'chifukwa chake m'kope lino tasankha mbiri ya Malcolm X, Msilamu wa ku America.

Malcolm Little anabadwa pa 19 Meyi 1925 mumzinda wa Omaha. Bambo ake, a Earl Little, anali mlaliki wotsatira mfundo za Marcus Garvey, ndipo anafa mu 1931 atapondedwa ndi sitima ya m'tauni. Patapita zaka zochepa mayi ake anawatsekera m'chipatala cha amisala, ana n'kumwazikana. Kusukulu Malcolm anali wanzeru, koma mphunzitsi wina wachizungu anamuuza kuti uloya si wa munthu wakuda. Anasiya sukulu n'kulowerera ku Boston ndi ku Harlem. Mu 1946, ali ndi zaka 20, anamangidwa pa mlandu wothyola nyumba.

Ndende inasanduka sukulu yake. Ankakopera mawu a m'dikishonale tsamba ndi tsamba, n'kumawerenga mabuku mpaka usiku. Anatuluka mu 1952 atalowa gulu la Nation of Islam, limene zina mwa ziphunzitso zake, monga zoti azungu onse ndi oipa, sizigwirizana ndi Chisilamu.

Mu Epulo 1957 apolisi a ku New York ankamenya munthu wakuda mumsewu wa ku Harlem. Johnson Hinton, wa gulu lomwelo, atawadzudzula, anamutembenukira n'kumuphwanya mutu ndi zibonga, kenako kumutsekera m'chitokosi. Malcolm anapita ku polisi ndi anyamata a kumzikiti, iwo n'kuima panja m'mizere, ali duu. Anaumirira mpaka anamuona Hinton, ndipo anaumiriranso kuti apite naye kuchipatala. Khamu litakula kufika masauzande, apolisi anachita mantha. Nkhani itatha, Malcolm anangokweza dzanja, anthu onse n'kubalalika mwabata. Pambuyo pake khoti linalamula kuti Hinton apatsidwe madola 70,000 a chipepeso.

Sikuti nthawi zonse zinkatha chonchi. Mu Epulo 1962 apolisi a ku Los Angeles anapha Ronald Stokes pa mzikiti wa gululo, ndipo palibe wapolisi amene analangidwa. Nkhaniyi inamuwawa kwambiri Malcolm.

Mu 1964 anatuluka m'gulu lija n'kupita ku Haji. Ku Makka anadyera mbale imodzi ndi kupemphera mzere umodzi ndi anthu a khungu lililonse, ndipo anabwerako ali el-Hajj Malik el-Shabazz, atataya maganizo a tsankho. Mu Julayi chaka chomwecho, mwezi umene dziko la Malawi linalandira ufulu, anali ku Cairo kudandaulira atsogoleri a mu Africa za nkhanza zimene anthu akuda ankakumana nazo kwawo. Anaphedwa ndi mfuti pa 21 Febuluwale 1965 ali ndi zaka 39. Mu 2021 khoti linayeretsa maina a anthu awiri amene anakhala zaka zambiri m'ndende pa mlanduwu, zitadziwika kuti apolisi ndi FBI anabisa umboni. Allah amuchitire chifundo.

Tiphunzirepo chiyani? Usiku uja Hinton anapulumuka chifukwa anzake sanathawe, komanso sanatole miyala. Kwathu kuno tili ndi zida zimene Malcolm analibe. Malamulo a dziko amati womangidwa auzidwe chifukwa chake, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Mu 2017 Khoti Lalikulu, pa mlandu wa venda wina, a Mayeso Gwanda, linathetsa ndime ya lamulo la vakabu imene apolisi ankagwirira anthu ongoyenda usiku. Tilinso ndi bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi.

Choncho ana athu, mnzanu akagwidwa musaponye mwala, ndipo musamutaye. Dziwani polisi imene apita naye, dziwitsani makolo ndi akuluakulu a kumzikiti, mulembe tsiku ndi nthawi. Wapolisi nayenso ndi mwana wa munthu: mupatseni ulemu wake, koma ufulu wanu muziudziwa.