Euler: Katswiri wa masamu yemwe khungu silidamugonjetse

Ana a sekondale akamatuluka thukuta ndi f(x), ndi ochepa omwe amadziwa mwini wake wa chizindikirochi. Iye ndi Leonhard Euler, yemwe adabadwa pa 15 Epulo 1707 mumzinda wa Basel ku Switzerland.

Bambo ake adali mbusa ndipo ankafuna kuti mwanayo adzatsate mapazi awo. Koma mphunzitsi wake, Johann Bernoulli, ataona kuthwa mutu kwa mnyamatayo, adawapempha kuti amulole kuchita masamu.

Mu 1727 Euler adakayamba ntchito ku St Petersburg, m'dziko la Russia. Kumeneko, mu 1734, adayamba kulemba f(x) ponena za lamulo lomwe limalandira nambala n'kutulutsa ina. Lamulo likakhala lochulukitsa ndi 2, mukaikamo 3 mumapeza 6. Pamazikowa ndi pomwe ana lero amaphunzirira kulumikiza malamulo awiri, kapenanso kubweza 6 uja kuti akhalenso 3.

Diso lake lamanja lidafa ali ndi zaka za m'ma 30, ndipo pofika 1771 sankaonanso. Komabe sadaweruke. Ankawerengera m'mutu, ana ake ndi omuthandiza n'kumalemba.

Adamwalira pa 18 Sepitembala 1783, atachitako masamu tsiku lomwelo.