Cyril M. Kornbluth

Cyril M. Kornbluth (1923 – 21 Malichi 1958) anali mlembi wa ku America wa nkhani zopeka za sayansi. Anabadwira mumzinda wa New York ndipo anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ku Ulaya.

Amadziwika kwambiri ndi buku la The Space Merchants (1953), lomwe analemba limodzi ndi Frederik Pohl. Bukuli limanena za dziko la m'tsogolo momwe makampani akuluakulu alanda mphamvu za boma, moti aphungu amayimira makampani osati anthu. Madzi ndi mafuta n'zosowa, ndipo kampani ina yotsatsa malonda imanyengerera anthu kuti asamukire ku pulaneti ya Venus, osawauza za mavuto a kumeneko.

Kornbluth anamwalira ndi matenda a mtima ku Levittown ali ndi zaka 34.