Florence Nightingale, Namwino Amene Anadzakhala Wodwala

Aliyense amene akuphunzira unamwino amalidziwa dzina la Florence Nightingale. Tsiku la anamwino padziko lonse limachitika pa 12 Meyi chifukwa ndi tsiku limene mayiyu anabadwa, ndipo chithunzi chake atanyamula nyali pakati pa asilikali ovulala chili m'mabuku ambiri. Koma ntchito ya kunkhondo ija sinakwane n'komwe zaka ziwiri. Atabwerako anakhalanso ndi moyo zaka 54, ndipo zoposa 20 mwa zaka zimenezi ankalimbana ndi matenda amene madokotala a nthawiyo analephera kuwazindikira. Ntchito zambiri zimene timamukumbukira nazo anazigwira ali chigonere.

Florence anabadwa mu 1820 mumzinda wa Florence ku Italy, makolo ake ali paulendo, ndipo dzina lake linachokera ku mzindawo. Banja lawo linali lolemera. Linali ndi nyumba ziwiri ku England, ina ku Lea Hurst ndi ina ku Embley. Bambo ake anamuphunzitsa okha zinenero ndi mbiri yakale, ndipo mtsikanayu ankakonda kwambiri masamu. Mu 1837 anakhulupirira kuti Mulungu wamuitana kuti amutumikire, koma atanena kuti akufuna kusamalira odwala, mayi ake ndi mkulu wake Parthenope anakanitsitsa. Masiku amenewo unamwino unali ntchito yonyozeka. Anadikira mpaka 1851 kuti akaphunzire kwa miyezi itatu ku Kaiserswerth ku Germany, ndipo mu 1853 anayamba kuyang'anira kachipatala ka amayi mumsewu wa Harley ku London.

Nkhondo ya ku Crimea itabuka, nduna ya boma Sidney Herbert inamupempha kuti atsogolere gulu la anamwino 38. Anafika ku Scutari, pafupi ndi Constantinople, mu Novembala 1854. Kumeneko asilikali ambiri ankafa ndi kolera, kamwazi ndi tayifodi kuposa amene ankafa ndi mabala a kunkhondo. Mu Meyi 1855 anawoloka nyanja kukayendera zipatala za ku Balaklava, ndipo patangopita masiku ochepa anagwidwa ndi matenda otentha thupi amene asilikali ankangowatchula kuti matenda a ku Crimea. Anadwala mwakayakaya, mpaka anamumeta tsitsi. Atapezako bwino anakana kubwerera kwawo. Anapitiriza ntchito mpaka nkhondo itatha, n'kukafika ku England mu Ogasiti 1856 ali wowonda ndi wofooka.

Kupuma kunali kutali naye. Imfa za asilikali zinkamusowetsa tulo, choncho anakakamiza boma kukhazikitsa komiti yofufuza za umoyo wa asilikali, ndipo iye ndi katswiri wa ziwerengero William Farr ankasanthula manambala a imfazo usana ndi usiku. Mu Ogasiti 1857 thupi linakana. Mtima unkagunda mothamanga, ankabanika, akaona chakudya ankachita nseru, ndipo kuimirira kokha kunkamutopetsa. Anali ndi zaka 37. Iye mwini ndi abale ake ankaganiza kuti watsala pang'ono kumwalira.

Apa m'pamene anapita ku Malvern, tauni ya m'mapiri kumadzulo kwa England imene inatchuka ndi chithandizo cha madzi. Njirayi inachokera kwa mlimi wina wa ku Gräfenberg, Vincenz Priessnitz, ndipo madokotala awiri, James Wilson ndi James Gully, anaibweretsa ku Malvern mu 1842. Wodwala ankamukulunga m'nsalu yonyowa ndi madzi ozizira n'kumufunditsa mabulangete, kenako ankamusambitsa ndi kumupukuta mwamphamvu. Ena ankawakhazika m'beseni la madzi, ena ankawaimika pansi pa mpope wogwetsa madzi kuchokera pamwamba. Onse ankadya chakudya chosakometsera, kumwa madzi ambiri, kusiya mowa, ndipo amene anali ndi mphamvu ankakwera mapiri m'mamawa. Madokotala ambiri ankainyoza njirayi, komabe anthu otchuka monga Charles Darwin anapitako. Chifukwa chake n'chomveka. Mankhwala a kuchipatala a nthawiyo anali ndi zinthu zoopsa monga mercury, ndipo kuchotsa magazi m'thupi la wodwala kunali kofala. Madzi, tulo ndi mpweya wa kuphiri sizinali zoopsa ngati zimenezo.

Ku Malvern Florence ankasamaliridwa ndi dokotala wina dzina lake Johnson, amene ankamukulunga m'nsalu zozizira pofuna kuti mtima ukhazikike. Anapezako mpumulo, ndipo anabwererako kangapo m'miyezi yotsatira. Malowo anamupatsanso chinthu china chimene ku London chinkasowa, ndicho bata, kutali ndi alendo komanso ndi mayi ake ndi mkulu wake amene ankamutopetsa. Koma madzi sanachotse matendawo. Akangobwerera kuntchito zizindikiro zija zinkayambiranso.

Zimene anaphunzira ali wodwala zinalowa m'buku lake la Notes on Nursing, limene analilemba mu 1859. M'bukumo anafotokoza kuti ntchito ya namwino ndi kumuika wodwala pamalo abwino oti thupi lithe kudzikonza lokha: mpweya wabwino, kuwala, ukhondo, kufunda, bata ndi chakudya choyenera. Analemba za phokoso limene limazunza munthu wogona, monga kunong'onezana kuseri kwa chitseko. Mutu wina wathunthu anaupereka ku nkhani ya anthu odzazonda matenda amene amalonjeza wodwala kuti achira posachedwa asakudziwa chilichonse za matendawo, ndipo aliyense amabwera ndi mankhwala ake, dokotala wake ndi malangizo ake. Iye anaona kuti zoterezi zimamufooketsa wodwala, chifukwa amayenera kumvetsera ndi kuyankha aliyense pamene mphamvu alibe. Aliyense amene anadwazikapo matenda a mgonagona pakhomo akudziwa kuti khalidweli lidakalipo.

Chaka cha 1861 chinali chowawa kwambiri. Sidney Herbert anamwalira mu Ogasiti, ndipo Arthur Hugh Clough, wolemba ndakatulo amene ankamuthandiza ntchito za tsiku ndi tsiku, anamwalira mu Novembala. Chakumapeto kwa chakacho ululu waukulu unamugwira msana. Analeka kuyenda, ndipo kwa zaka pafupifupi 6 ankachita kumunyamula pomuchotsa m'chipinda china kupita naye m'china. Anaitanitsa katswiri wa matenda a mitsempha, Charles-Édouard Brown-Séquard, koma naye sanapeze mankhwala omuchiritsa. Malangizo a madokotala ankangobwerera pa mfundo imodzi yakuti asiye ntchito apume, ndipo imeneyi ndi mfundo imene Florence sankaimva.

Pofika mu 1866 anayesa chinthu chimene chinali chatsopano, jakisoni wa opium wobaya pansi pa khungu. M'kalata ina anafotokoza kuti pa zonse zimene anayesa, jakisoniyu yekha ndi amene ankamuthandiza, kuti ululu unkaleka kwa tsiku limodzi, koma kuti mutu sunkagwira bwino ntchito ndipo mtima sunkakhala m'malo. Kalatayi ikuonetsa mmene mayiyu ankaganizira. Monga munthu wozolowera ziwerengero, chithandizo chilichonse ankachifunsa mafunso atatu: chathandiza motani, kwa nthawi yaitali bwanji, nanga chawononga chiyani. Madzi a ku Malvern anawalandira chifukwa cha mpumulo umene anamupatsa, osawayesa mankhwala ochiritsa. Opium anaivomereza kuti imathetsa ululu, koma sanabise mtengo wake.

Machiritso atasowa, anakonza moyo wake molingana ndi mphamvu zochepa zimene anali nazo. Kuyambira mu 1865 ankakhala m'nyumba ya mumsewu wa South Street ku London. Ankalandira mlendo mmodzi pa nthawi, ndipo ngakhale nduna za boma zinkayenera kupangana naye tsiku. Dokotala John Sutherland, amene anagwira naye ntchito zaka zambiri, nthawi zina ankakhala m'chipinda chapansi, awiriwa n'kumatumizirana timakalata. Ankalemba atatsamira mapilo, amphaka ake ali pambali. Mwa njira imeneyi anatsogolera sukulu ya anamwino imene inatsegulidwa pachipatala cha St Thomas mu 1860. Anasonkhanitsa ndi kusanthula mayankho ochokera kumalo a asilikali ku India, dziko limene sanapondeko, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1863. Mu 1865 anathandiza kutumiza anamwino ophunzitsidwa, motsogozedwa ndi Agnes Jones, kuchipatala cha anthu osauka ku Liverpool.

Tisaganize kuti ululu unamusandutsa mngelo. Zaka zimenezi anali wokwiya msanga, wokhumudwa kawirikawiri, ndi wouma mtima kwa anthu omuthandiza. Azakhali ake a Mai Smith anasiya banja lawo kudzamusamalira, koma atabwerera kwawo mu 1860, Florence anawasungira chakukhosi kwa zaka zambiri. Amene ankagwira naye ntchito ankawapanikiza ngati kuti kutopa n'kulakwa. Matenda okhalitsa amapweteka wodwala, amapwetekanso omuzungulira.

Cha m'ma 1880, ali ndi zaka pafupifupi 60, matendawo anayamba kuzirala okha popanda mankhwala atsopano. Amene anamudziwa pa nthawiyi anapeza mayi wofatsa ndi wansangala. Mu 1882 anakaona koyamba sukulu yake ya anamwino, ndipo anasamalira mkulu wake Parthenope amene nyamakazi inamupundula mpaka kumwalira mu 1890. Maso ake anachita khungu atakalamba. Mu 1907 anakhala mayi woyamba kulandira ulemu wa Order of Merit, ndipo anamwalira pa 13 Ogasiti 1910 ali ndi zaka 90.

Chifukwa chakuti anakhala moyo wautali chonchi, olemba mbiri ena anayamba kunena kuti matenda ake anali a m'maganizo chabe, kapena kuti ankanamizira kudwala pofuna kuthawa abale ake ndi kulamulira anthu. Mu 1995 wasayansi David Young analemba m'magazini ya madokotala ya British Medical Journal kuti zizindikiro zake, kuyambira kutentha thupi kwa ku Balaklava mpaka ululu wa msana, zikugwirizana ndi matenda a brucellosis, ndipo akatswiri ambiri anagwirizana naye. Matendawa amachokera ku mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe, makamaka kudzera mu mkaka wosawiritsa, ndipo amatha kukhazikika m'mafupa a msana n'kumazimirira ndi kuyambiranso kwa zaka. Kachilombo kake kanapezeka mu 1887 ku Malta ndi David Bruce, dokotala yemweyo amene pambuyo pake anabwera ku Nyasaland kudzafufuza matenda a kaodzera. Lero brucellosis amaichiza ndi mankhwala opha mabakiteriya kwa milungu pafupifupi 6. Pamene Florence ankagona m'nsalu zonyowa ku Malvern, kachilomboko kanali kasanadziwike ndipo mankhwalawo kunalibe.

Pakati pathu pali ophunzira amene amalowa m'kalasi ndi msana wowawa, mutu wosaleka kapena ululu wa sickle cell, ndipo aliyense amawauza za tsamba, muzu kapena botolo limene linachiritsa wachibale wina. Mbiri ya Florence siikuwaletsa kufunafuna mpumulo. Ikuwakumbutsa kufunsa mafunso ake atatu aja, kumuuza dokotala chilichonse chimene akumwa, ndi kusaleka kufufuza gwero la ululuwo, chifukwa mpumulo ndi kuchira n'zosiyana. Kwa ife amene tidzaime pambali pa bedi tili mu yunifolomu yoyera, phunziro ndi lakuti wodwala amene zotsatira zake za kulabu zatuluka zabwinobwino koma akudandaulabe, tisafulumire kumutcha wonamizira. Mayi amene anayambitsa ntchito yathuyi anamunena zomwezo, ndipo panapita zaka 140 kuchokera pamene anadwala ku Balaklava kuti matenda ake apatsidwe dzina.